Khofi wa flat white pa mbaula: mapangidwe ake ndi masamu a phindu

Amalonda a tiyi mu Ndirande, Bangwe ndi Zingwangwa amawadziwa bwino makasitomala awo a m'mawa. Amafuna kapu yayikulu, shuga wambiri, sikono kapena mandasi pambali, kenako kuthamangira minibasi. Koma m'tauni ya Blantyre yomweyi muli anthu ena amene amalipira ndalama zokwanira makapu angapo a tiyi pa kakapu kamodzi ka khofi kotchedwa flat white. Funso la wa geni ndi lakuti, kodi m'kapu imeneyi muli chiyani, ndipo tingaipange kwathu kuno opanda makina a mamiliyoni?

Flat white ndi khofi wochepa koma wamphamvu, wothiridwa mkaka wotentha umene aumenya mpaka kuchita thovu losalala ngati phala la mwana. Anayamba kutchuka ku Australia ndi New Zealand m'zaka za m'ma 1980, ndipo maiko awiriwa amakanganabe kuti anayambitsa ndani. Kapu yake ndi yaing'ono, ya mamililita 150 mpaka 180. Kusiyana kwake ndi cappuccino ndi thovu: cappuccino amakhala ndi chithovu chotukumuka pamwamba, pamene flat white thovu lake ndi lopyapyala, losakwana sentimita imodzi, ndipo khofi amamveka kwambiri kuposa mkaka.

Khofi tili naye konkuno. Mbande zoyamba zinafika ku mishoni ya Blantyre ndi amishonale a ku Scotland chakumapeto kwa zaka za m'ma 1870. Lero m'masitolo akuluakulu mupeza Mzuzu Coffee, wolimidwa ndi alimi ang'onoang'ono a kumpoto monga ku Misuku ndi Phoka, komanso wa Satemwa wa ku Thyolo. Onsewa ndi arabica. Khofi wa m'chitini wosungunuka m'madzi, makamaka wosakaniza ndi chicory monga Ricoffy, ali ndi malo ake ndipo amayenda malonda, koma musamutche flat white n'kuika mtengo wokwera. Munthu wodziwa khofi amazindikira pa kumwa koyamba, ndipo sabweranso.

M'malesitiranti amagwiritsa ntchito makina a espresso amene amakankha madzi otentha mwamphamvu kudutsa mu khofi wopera. Makinawa ndi odula, amafuna magetsi osazimazima, ndiye kwa ife asiyeni. Chimene chimayandikirako ndi kapoto kachitsulo kotchedwa moka, kamene kampani ya Bialetti ya ku Italy inayamba kupanga mu 1933. Kamagwira ntchito pa moto uliwonse, ngakhale pa mbaula. Kali ndi zigawo zitatu: pansi pothira madzi, pakati kasefa koika khofi, pamwamba potulukira khofi wakupsa.

Thirani madzi otentha kale m'chigawo chapansi, osapitirira kabatani kotulutsira mpweya kamene kali m'mbali. Dzazani kasefa ndi khofi wopera bwino ngati mchere wa m'paketi, musalaze ndi chala koma musatsindire. Mukatsindira, madzi amalephera kudutsa. Mangani zolimba mutagwira ndi kansalu, n'kuika pa moto wochepa. Pa mbaula dikirani makala ayambe kuyera phulusa, ndipo kapotoko kakhale cha m'mbali kuti chogwirira chisasungunuke. Khofi azituluka pang'onopang'ono. Mukangomva kukhuluma ngati paipi yotha madzi, phulani msanga, chifukwa zotuluka pambuyo pake ndi zowawa zokhazokha.

Ngati moka simunaipeze, ikani masupuni awiri akuluakulu odzaza a khofi m'madzi okwana theka la kapu amene angophulidwa pa moto, muvindikire mphindi zinayi, musefe ndi kansalu koyera. Mphamvu yake ndi yocheperako, koma ndi poyambira.

Pa mkaka ndi pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo ndi pamene ambiri amataya ndalama. Thovu limagwidwa ndi mapuloteni a mu mkaka, pamene mafuta ake ndi amene amapatsa kukoma kwa nona. Choncho mufunika mkaka weniweni wosachotsa mafuta. Cremora si mkaka, ndi mafuta a zomera ndi zotsekemera, ndipo sakupatsani thovu lotere. Mkaka wa ufa wa full cream umatheka mukausungunula bwino, ngakhale fungo lake limadziwika.

Mkaka utenthe kufika madigiri 60 mpaka 65, osawira. Ukapitirira 70 umayamba kununkha kuwira, kutsekemera kwake kwachilengedwe kumachepa, thovu limaphwa msanga. Popanda choyezera, yang'anani m'mphepete mwa poto: tithovu ting'onoting'ono tikayamba kuoneka ndipo nthunzi ikutuluka, koma kakhungu kasanagwire pamwamba, phulani. Dzanja likamalephera kukhala pambali pa poto kupitirira masekondi atatu, wafika.

Apa pali chenjezo. Izi zikukhudza mkaka wa m'paketi umene unaphikidwa kale ku fakitale. Mkaka wa m'zigubu umene anyamata a njinga amabwera nawo kuchokera ku Bvumbwe kapena Chiradzulu ndi waiwisi, ndipo ungathe kukhala ndi tizilombo toyambitsa matenda monga chifuwa chachikulu cha ng'ombe. Umenewu uwiritseni kaye, uzizire, kenako muutenthetsenso pofuna kugwiritsa ntchito. Thovu lake silikongola kwenikweni, koma kudwalitsa kasitomala n'kutseka bizinesi. Ndipo mkaka wothiridwa madzi suchita thovu lolimba, ndiye woodetsa wachinyengo mumugwira pomwepo.

Pomenya thovu, chida chabwino ndi botolo lija lofululira khofi lokhala ndi sefa yokankha, lotchedwa French press kapena plunger. Nthawi zina limapezeka pa kaunjika wa ziwiya. Thirani mkaka wotentha osafika theka la botolo. Kokani ndi kukankha sefayo katatu kapena kanayi mpaka pamwamba kuti mpweya ulowe, kenako pitirizani kakhumi kapena kupitirira koma sefa isatuluke mu mkaka. Kumenya kwachiwiriku ndi kumene kumaphwanya thovu lalikulu kukhala losalala. Mkaka ukwere pang'ono chabe. Ukawirikiza kawiri, mwapanga cappuccino. Gogodani botolo patebulo, mulizunguze mpaka mkaka uwale ngati penti, n'kuthira nthawi yomweyo pa khofi, poyamba muli patali ndi kapu, pomaliza mutayandikira. Tizithunzi ta mitima ndi masamba timene mumaona pa Facebook tisakuvuteni, sitiwonjezera kukoma.

Tsono masamu. Moka yaing'ono, imene amailemba kuti ndi ya makapu atatu, imadya magalamu pafupifupi 16 a khofi n'kutulutsa wokwanira ma flat white awiri. Paketi ya magalamu 250 ikupatsani maphikidwe 15, kutanthauza makapu 30. Lita imodzi ya mkaka ikwana makapu 9, mukachotsera wotsalira m'poto. Ndiye tengani mtengo wa paketi ya khofi lero mugawe ndi 30, wa lita ya mkaka mugawe ndi 9, muphatikize makala, shuga, sopo ndi madzi. Muona kuti nthawi zambiri mkaka ndi umene ukudya ndalama mofanana kapena kuposa khofi. Bwerezani masamuwa nthawi iliyonse mukaoda, chifukwa chichokereni kutsika kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo siikhazikika.

Chovuta n'chakuti khofi ameneyu sasungika m'flasiki ngati tiyi. Amapangidwa kasitomala ali pomwepo, ndipo makapu awiri amatenga mphindi zisanu kapena kuposa. Pa siteji ya Ndirande nthawi ya 6 koloko m'mawa, mphindi zisanu zimenezo mungagulitse makapu ambiri a tiyi. Maganizo anga ndi akuti amene ali ndi tiyirumu mkati mwa Machinjiri kapena Bangwe asathamangire kuika mpamba wonse apa. Mwayi uli kwa amene ali kufupi ndi maofesi ndi masukulu a ukachenjede, monga ku Ginnery Corner, Chichiri pafupi ndi MUBAS, kapena m'misewu yozungulira chipatala cha Gulupu, komanso amene amaphika pa zinkhoswe ndi misonkhano.

Yambani ndi paketi imodzi, osati katoni. Khofi wopera akatsekulidwa fungo limayamba kuthawa, ndipo pakatha milungu iwiri kapena itatu amakhala atazirala. Musungeni m'botolo lotseka bwino, kutali ndi dzuwa, anyezi ndi parafini. Paketi yoyambayo ikatha milungu iwiri isanakwane, pamalo panupo msika ulipo, odani yachiwiri.