Chomwe chimasunga malesitilanti akale a m'mbali mwa M1

Boma la Ntcheu lili pafupifupi pakatikati pa mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre, motero basi yomwe yanyamuka m'mawa kuchokera mbali iliyonse imafika kuno anthu atayamba kumva njala. Ichi ndicho chidabala malo odyera omwe andanda m'mbali mwa msewu wa M1, kuyambira pa Lizulu, pa Mlangeni, pa mphambano ya ku Tsangano, pa Ntcheu Boma mpaka pa Kampepuza. Makampani a mabasi akhala akusintha. Kudali UTM, kudabwera Stagecoach, kenaka Shire Bus Lines, ndipo onsewa adatha, koma chizolowezi chodyera pa Ntcheu chidakalipo.

Si malo onse odyera omwe amakhalitsa. Ena amatsegulidwa chaka chino ndi penti wowala komanso wailesi yakanema pakhoma, chaka chamawa n'kupezeka asanduka golosale. Koma pa malo a malonda aliwonse pamapezeka lesitilanti imodzi kapena ziwiri za chipinda chimodzi, za mabenchi ndi khoma lothimbirira ndi utsi, zomwe anthu adasiya kalekale kuwerenga chikwangwani chake ndipo amangozitchula ndi dzina la mwiniwake. Nthawi zambiri mwiniwakeyo amakhala mayi.

Ambiri amaganiza kuti malo oterewa amayendera ndalama za apaulendo. Apaulendo amathandizadi, koma munthu wodutsa amadya kamodzi, ndipo mawa basi yake ikhoza kukaima pena. Amene amasunga lesitilanti yakale ndi anthu a pomwepo: aphunzitsi, apolisi, anamwino ndi odikirira odwala pa chipatala cha boma, akabaza, mavenda, anthu omwe abwera kudzamva mlandu ku khoti, komanso madalaivala ndi makondakitala omwe amadutsa msewuwu sabata ndi sabata. Ambiri mwa anthu amenewa sakhala ndi ndalama m'thumba tsiku lililonse. N'chifukwa chake chuma chenicheni cha malo otere ndi kope lija limakhala m'dirowa kapena pansi pa kauntala, momwe mumalembedwa mayina a odya pangongole mpaka mwezi utatha.

Kope limeneli ndi lovuta kuliyendetsa kuposa mmene limaonekera. Mayi amene wadyetsa anthu khumi pangongole kwa sabata zitatu ndiye kuti wabwereketsa mpamba wake popanda chikole ndiponso popanda chiwongoladzanja. Ayenera kudziwa amene amabweza tsiku lomwelo la malipiro, amene amachedwa koma osathawa, ndi amene akasamutsidwa pantchito amachoka usiku osatsanzika. Nzeru imeneyi imadza ndi zaka komanso ndi kuluza. Wotsegula malo atsopano akakana ngongole, anthu a pomwepo sabwera. Akavomera aliyense, mpamba umatha miyezi itatu isanakwane. Apa ndi pomwe malo akale amapambanira, ndipo penti kapena mipando ya pulasitiki sizingafikepo.

Kukhulupirirana komweku kumafika ndi kumunda. Ntcheu ndi dera lake la mbatatesi, kabichi, tomato ndi anyezi. Mbatatesi yambiri imatsika kuchokera ku mapiri a ku Tsangano, ndipo msika wa Lizulu, womwe uli pa malire penipeni, umalandiranso zokolola za ku Angonia m'dziko la Mozambique. Mlimi yemwe wakhala akupereka ndiwo pa lesitilanti imodzi kwa zaka zambiri amatha kusiya dengu la tomato m'mawa n'kudzatenga ndalama madzulo. Nyengo ya mvula tomato akasowa, mlimi yemweyo amayamba wasungira kasitomala wake wakale asanagulitse kwa ogula a ku Blantyre. Ndalama yomwe mphunzitsi walipira pa mbale ya nsima imakafika kwa mlimi wa kudimba, kwa mwini chigayo, kwa woweta nkhuku zachikuda ndi kwa mnyamata wa njinga amene wanyamula katunduyo, isanatuluke m'boma lino.

Pa chakudya chenichenicho palibe zachilendo. Ndi nsima ya ufa woyera kapena ya mgaiwa, nyemba, nkhuku, nyama ya mbuzi, usipa, mpiru kapena nkhwani wotendera, ndi tsabola wa kambuzi pambali. M'mawa ndi tiyi wamkaka ndi sikono. Chomwe wodya amabwererako n'chakuti nsima ya lero imafanana ndi ya chaka chatha, ndipo wophika amadziwa kale kuti uyu amafuna mitanda itatu, uyo safuna mafuta ambiri.

Kuphweka kwa chakudyachi kwathandizanso malowa pa nthawi yovuta. Ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mafuta ophikira adakwera mtengo kwambiri, ndipo amene adamva kuwawa msanga ndi a chiwaya, poti tchipisi sichipsa popanda mafuta. Wophika nsima ndi nyemba adali ndi pothawira: adachepetsa nyama, nachulutsa masamba ndi nsinjiro, nasungabe makasitomala ake ngakhale phindu lidachepa.

Malo akale amagwiranso ntchito zina zomwe sizilembedwa pa chiphaso cha malonda. Anthu amasungitsapo katundu akamapita ku ofesi ya DC, amasiyapo phukusi loti dalaivala wakuti akapereke ku Limbe, ndipo uthenga wa maliro umafika pa benchi la lesitilanti usanafike m'midzi ina. Nyengo ya Umhlangano wa Maseko, pamene Angoni a Inkosi ya Makosi Gomani amasonkhana ku Nkolimbo, ana a Ntcheu okhala m'mizinda amapatukira pomwe ankadya ali pasukulu.

Komatu ukale pawokha suteteza munthu ku matenda. Mliri wa kolera womwe udayamba mu Malichi 2022 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo udaonetsa poyera kufooka kwa malo ambiri ophikirako chakudya: madzi osatetezeka, kusowa kwa zimbudzi, ndi beseni limodzi losambamo m'manja anthu onse. Kuthirirana madzi ndi jagi, sopo ali pomwepo, n'kotsika mtengo ndipo mwini malo aliyense angathe. Ayeneranso kuonetsetsa kuti ophika ake ayezedwa kuchipatala komanso kulandira bwino a zaumoyo akabwera kudzayendera. Koma mpopi wa pamsika, chimbudzi cha anthu onse ndi kuchotsa zinyalala si ntchito ya mayi mmodzi. Zimenezi zili m'manja mwa khonsolo, yomwe pansi pa lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 imatolera ziphaso za m'misika ndi kupereka zilolezo za malonda. Wolipira chiphaso ali ndi ufulu wofunsa komwe ndalama yake yagwira ntchito, ndipo makomiti a m'misika adakhazikitsidwira mafunso otere.

Vuto lina ndi moto. Pafupifupi malo onsewa amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo lesitilanti imodzi imatentha pa tsiku nkhuni zochuluka kuposa banja. Nkhalango za Mvai ndi Dzonzi zapululuka kwambiri, chonsecho nkhalango ya Mvai ndiyo imasunga madzi a damu la Mpira, lomwe limamwetsa anthu a Ntcheu ndi Balaka. Mbaula zosatha nkhuni, monga Chitetezo Mbaula, zimachepetsa mtolo wogula pa sabata, ngakhale kuti miphika ikuluikulu ya m'lesitilanti imafuna mbaula yomangidwa ndi njerwa pamalopo.

Chomwe chimatseka malesitilanti akale kawirikawiri si mpikisano ayi, koma imfa ya mwiniwake. Chilolezo chimakhala m'dzina la munthu mmodzi, za lendi ya nyumba adangogwirizana pakamwa, ndipo mayina a m'kope lija ndi mmene aliyense amabwezera zidali m'mutu mwa malemuyo. Achibale akagawana miphika ndi mabenchi, ntchito ya zaka makumi awiri imatha sabata imodzi. Lamulo la chuma chamasiye la 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo limaletsa kulanda katundu wa malemu. Mwini lesitilanti amene walemba wilo, nalembetsa bizinesi yake, naphunzitsa mwana kapena wantchito wokhulupirika kugula ndiwo pa Lizulu ndi kusunga kope, amasiya chitseko choti chitsegulidwenso sadaka ikatha.