Kuweta Ma Axolotl Angapo m'Thanki Imodzi

Axolotl, yemwe akatswiri a sayansi amamutchula kuti Ambystoma mexicanum, ndi nyama ya m'gulu limodzi ndi achule, ya mtundu wa salamanda, ndipo kwawo ndi kunyanja za Xochimilco ndi Chalco, m'chigwa momwe muli mzinda wa Mexico City. Mbululu za chule zikakula zimataya ziwalo zopumira m'madzi n'kukwera kumtunda, koma axolotl amakhwima mpaka kubereka akadali ndi thupi laubwana, motero zaka zake zonse, zomwe zimafika 10 mpaka 15 akasamalidwa bwino, amathera m'madzi, akupuma ndi timphonje tofewa tomwe timamera titatu mbali iliyonse ya mutu.

Kwawoko nyamayi yatsala pang'ono kutha. Nyanja ya Chalco inaphwetsedwa, ku Xochimilco kwangotsala ngalande za madzi oipitsidwa, ndipo nsomba zobwera za carp ndi tilapia, yemwe ndi wachibale wa chambo, zimadya mazira ndi ana ake. Kalembera wa mu 1998 anapeza ma axolotl pafupifupi 6,000 pa sikweya kilomita iliyonse, koma pofika mu 2014 sankakwananso 40. M'nyumba za anthu ndi m'malo ofufuzira, komwe ambiri anachokera ku kagulu ka nyama 34 zomwe zinafika ku Paris m'zaka za m'ma 1860, ndi ochuluka zedi, ndipo woweta akakhala ndi mmodzi sachedwa kuganiza zomupezera mnzake.

Maganizo amenewa amachokera pa chifundo, koma axolotl sasowa mnzake, pakuti si nyama yoyenda pagulu, ndipo kuika awiri pamodzi kumakondweretsa mwini thanki kuposa nyamazo. Chiopsezo chagona pa kadyedwe kake. Maso ake saona bwino, choncho chilichonse chikagwedezeka pafupi ndi mphuno amangoyasamula mwadzidzidzi n'kuchikokera m'kamwa pamodzi ndi madzi, osasiyanitsa nyongolotsi ndi mwendo wa m'bale wake. Ana, omwe amakula mofulumira ndipo njala siwachoka, ndiwo amalumana kwambiri, moti m'beseni lomwe adzazana sipalephera kupezeka wina wopanda phazi kapena wa timphonje tothothoka, ndipo wamkulu akhoza kumeza wamng'ono wathunthu. N'zoona kuti mwendo woduka umameranso, fupa, mnofu ndi minyewa yomwe, ndipo luso limeneli ndi lomwe linatchukitsa nyamayi pakati pa ofufuza, koma si chifukwa cholekerera kuti azivulazana, popeza kumeretsa chiwalo kumatenga masabata ambiri, ndipo pabala pamatha kumera nkhungu yoyera ngati thonje yomwe imafooketsa nyama yonse.

N'chifukwa chake oweta odziwa ntchito amasunga ana payekhapayekha kufikira atatalika masentimita pafupifupi 15, kenako amaphatikiza okhawo ofanana msinkhu, ndipo podyetsa amapatsa aliyense nyongolotsi yake ndi kachitsulo kopanira, wina kumapeto uku wina uko, kuti pakamwa pawo pasakumane. Watsopano amayamba wakhala m'chotengera chakechake kwa mwezi wathunthu kuti ngati ali ndi matenda aonekere asanapatsire ena.

Kusiyanitsa wamwamuna ndi wamkazi n'kofunikanso, ngakhale kumatheka pokhapokha akakhwima, pamene wamwamuna amatupa pansi pa tsinde la mchira. Awiriwa akakhala pamodzi amaswana mosalekeza, wamkazi n'kumamata mazira mazanamazana pa zomera ndi pa miyala, ndipo akamaikira kawirikawiri thupi limatha mphamvu, pamene mwini nyumba amatsala ndi ana oti alibe kowapititsa. Kuwataya mumtsinje n'kulakwa kwakukulu, chifukwa nyama yachilendo ikhoza kusokoneza zachilengedwe za kumaloko, ndipo mantha otere ndi omwe anachititsa kuti ku California aletse kuweta axolotl popanda chilolezo.

Wamkulu mmodzi, yemwe kawirikawiri amatalika masentimita 23 kapena kuposerapo, amafuna thanki yosachepera malita 75, ndipo wachiwiri amafuna malo owonjezera, makamaka m'litali ndi m'lifupi, poti nyamayi imayenda pansi nthawi zambiri. Ilibe zikope, choncho kuwala kumaivutitsa, ndipo aliyense ayenera kukhala ndi pobisala pakepake, kaya kamphika kadothi kogoneka cham'mbali kapena chidutswa cha paipi. Pansi pazikhala mchenga wosalala kapena popanda kanthu, chifukwa timiyala amatimeza n'kutsekeka m'matumbo. Nsomba nazo zisalowemo, pakuti zimajompha timphonje tija.

Nyama zikachuluka, ndowe zimachulukanso, ndipo zimatulutsa amoniya, poizoni yemwe amawotcha khungu ndi ziwalo zopumira. M'sefa ya thanki mumakhala mabakiteriya omwe amasandutsa amoniya kukhala nitrite, yemwenso ndi woopsa, kenako nitrate, yemwe mphamvu yake ndi yochepa ndipo amachotsedwa posintha gawo la madzi sabata iliyonse. Mabakiteriyawa amatenga masabata angapo kuti akhazikike, motero thanki iyenera kukonzeka nyama zisanafike, ndipo madzi a pampopi ayambe achotsedwa klorini.

Chovuta koposa kwa wokhala kudziko lotentha ndi kuzizira kwa madzi. Chigwa cha Mexico chili pamtunda wa mamita oposa 2,200, ndipo axolotl amakhala bwino m'madzi a madigiri 16 mpaka 18. Akapitirira 24 amasiya kudya, amadwala, ndipo akhoza kufa. Madzi otentha amasunga mpweya wochepa, choncho thanki ya nyama ziwiri imafika pangozi msanga kuposa ya imodzi, ndipo kumene kutentha kwa mu Okutobala kumakumana ndi kuthimathima kwa magetsi, makina oziziritsa madzi amafunika kukhala ndi batire kapena sola yodalirika woweta asanaganize n'komwe zogula wachiwiri.