KAMERA YAING'ONO: KUPEPUKA KULI NDI MTENGO WAKE

Wojambula zithunzi wa kumudzi, amene ayenda pa njinga kupita ku maukwati ndi ku miyambo monga N'cwala ku Mtenguleni kapena Kulamba ku Mkaika, afuna zinthu ziwiri: kamera yolowa m'thumba, ndiponso zithunzi zooneka bwino zoti eni ake alipire mosanyinyirika. Koma ziwirizi siziyendera limodzi kawirikawiri. Cifukwa cake cili pa lenzi, ndiye diso lagalasi lija la kutsogolo kwa kamera.

Nchito ya lenzi ndi kusonkhanitsa kuwala. Monga denga lalikulu litunga madzi ambiri a mvula kupambana laling'ono, momwemonso lenzi yotakata ilowetsa kuwala kocuruka, motero ijambula bwino madzulo kapena m'nyumba. Pa lenzi pamalembedwa nambala monga f/2.8 kapena f/4. Nambalayi ikacepa, khomo la kuwala likula, ndipo f/2.8 ilowetsa kuwala kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi f/4.

Lenzi ya mamilimita 35 ya f/2.8 ifuna khomo la mamilimita 12 ndi theka cabe. Koma ya mamilimita 200, imene ikoka zinthu zakutali monga wovina amene ali tsidya lina la bwalo, ifuna khomo loposa mamilimita 70. N'cifukwa cake malenzi ambiri otere alemera kuposa kilogalamu imodzi.

Cinanso, galasi limodzi lokha lipotoza cithunzi m'mbali. Tsono akatswiri amasanja magalasi angapo kuti lina likonze zolakwa za linzake, ndipo galasi lililonse lionjezera kulemera. M'caka ca 1902, Paul Rudolph wa kampani ya Carl Zeiss ku Jena, m'dziko la Germany, anapanga lenzi yochedwa Tessar, ya magalasi anai okha, yaing'ono koma yojambula zooneka bwino.

Lenziyi ndiyo inaikidwa m'kamera ya Rollei 35 imene inatuluka mu 1966. Mmisiri wake, Heinz Waaske, anaikonza kuti lenzi izilowa m'kati ngati mutu wa kamba pamene sigwira nchito. Komabe, wojambula anayenera kudziyerekezera yekha mtunda wa cinthu cimene ajambula. Mu 1979, ku Japan, Yoshihisa Maitani anapanga Olympus XA, yolemera magalamu 225, ya lenzi ya magalasi asanu ndi limodzi. Nayonso inali ndi cilema cake: khomo likatsegulidwa lonse, ngodya za cithunzi zinali kuderako. Koma amisiri awiriwa sanacepetse filimu. Cithunzi ciliconse cinatsala pa msinkhu wa mamilimita 24 kwa 36, ndipo makamerawa akali kufunidwa ndi okonda filimu kufikira lero.

Kampani ya Kodak ya ku America inatsata njira ina. Mu 1982 inatulutsa kamera ya Disc, yopyapyala ndi yopepuka, imene cithunzi cake pa filimu cinali ca mamilimita pafupifupi 8 kwa 10. Pocikulitsa pa pepala, cinali kuoneka ngati cawazidwa mcenga. Ogula sanakondwere, ndipo mu 1988 Kodak inaleka kupanga makamerawa.

Phunziro lomweli likhudza mafoni a masiku ano. M'malo mwa filimu muli kacipangizo kolandira kuwala, ndipo m'mafoni ambiri kameneka n'kakang'ono zedi. Kompyuta ya m'kati imasalaza cithunzi kuti cikongole, koma singabweze zonse zimene kuwala sikunabweretse. Masana cithunzi ciwala bwino. Kukada, kapena munthu akakoka cinthu cakutali, nkhope ziyamba kufufuma ngati zopakidwa.

Motero wogula ayenera kuyamba waganizira nchito imene kamera idzagwira. Mlimi wofuna kujambula cimanga codwala kuti akaonetse mlangizi wa zaulimi, foni kapena kamera yaing'ono imukwanira, pakuti ajambula dzuwa lili pamutu ndiponso ali pafupi. Koma amene adyera pa zithunzi, wojambula m'chalichi mwamdima ndi pa bwalo lalikulu, avomere kunyamula katundu. Akuluakulu anati walira mvula walira matope.

Asanapereke ndalama, wogula ajambule munthu pamthunzi ndi m'nyumba, akulitse cithunzico, ndipo ayang'anitsitse maso a munthuyo ndi ngodya zonse zinai. Pamenepo m'pamene lenzi iulula zimene ingathe ndi zimene singathe.