Usiku Umene Parishi ya St Ignatius Inasanduka Nyumba ya Alendo

Tikamayenda pa City Market, pakati pa mabasi ndi ogulitsa salaula, timamva Ciswahili ndi Cinyarwanda zikusakanizika ndi Cinyanja cathu. Ena mwa olankhulawo ndi othawa nkhondo. Timagula kwa iwo sopo ndi mcere, osafunsa kumene anacokera.

Mu April 2016 tinawatembenukira. Mitembo itapezeka ku George ndi ku Zingalume, mphekesera inafala yakuti eni masitolo a ku Rwanda ndiwo akupha anthu pofuna zizimba. Masitolo opitirira 60 anathyoledwa m'makomboni. Umboni panalibe, koma mphekesera siyembekeza umboni.

Anthu mazana angapo anathawira ku parishi ya St Ignatius, ku Rhodes Park, kumene ansembe a Cijezuiti anawatsegulira cipata. Akhristu anabweretsa ufa, mabulangete ndi zobvala; amai ndi makanda anagona pa malo a mpingo. Pulezidenti Edgar Lungu anapita komweko kukawaona.

Koma mphasa ya pa parishi si mudzi. Lamulo limafuna kuti wothawa nkhondo akhale ndi cilolezo kuti akhale m'tauni. Apo ai, malo ace ndi misasa monga Meheba kapena Mayukwayukwa, kutali ndi sitolo imene inkadyetsa ana ace. Otengedwa kupita maiko a kutsidya kwa nyanja ndi ocepa zedi. Ambiri a anawo anabadwira muno, ndipo ku Kigali sanapondeko. Mawa lace anafunika wowaperekeza ku maofesi kukatsata mapepala, ndi mnansi wolola kuti atsegulenso sitolo pafupi naye.