Msonkhano wa nthano umene ulibe bwana

Madzulo mukamauza ana nthano ya Kalulu wolankhula ngati munthu, kapena ya lichero louluka usiku, mwina simudziwa kuti kuli anthu amene amakwera ndege kukasonkhana chifukwa cha nthano zotere. Zawo n'zolembedwa m'mabuku. Zina zimanena za kutsogolo: anthu okhala kumwezi, makina oganiza okha. Zina n'za matsenga ndi zilombo, ngati zathu zija. Pa Chipwitikizi amati ficção científica ndi fantasia.

Msonkhano wawo wotchuka dzina lake ndi Worldcon. Unayamba mu 1939 mumzinda wa New York, ku America, ndi anthu pafupifupi 200. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inauimitsa kuyambira 1942 mpaka 1945. Kuchokera 1946 sunaphonyepo chaka, ndipo lero kumapita anthu zikwizikwi. Mu 2023 unachitikira ku Chengdu, ku China. Mu 2024 unali ku Glasgow, ku Scotland.

Chimene chinandikopa ine ndi ichi: msonkhanowu ulibe kampani imene ndi mwini wake, ndipo si wa boma. Amauyendetsa ndi owerenga eni ake, mongodzipereka. Wina amalemba mayina pakhomo, wina amasunga ndalama, wina amanyamula mipando. Inu a ku Massangulo zimenezi mukuzidziwa. Pa maliro palibe amene amalipidwa chifukwa chotunga madzi kapena kukumba manda, koma ntchito imatha. Komiti ya mjigo ndi chimodzimodzi, ngakhale tonse tikudziwa kuti mjigo ukawonongeka komiti ina imasowa ngati mame.

Wopita ku Worldcon sagula tikiti ngati wokaonera mpira. Amalipira kuti akhale membala, ndipo membala ali ndi voti. Mamembala ndiwo amasankha mzinda umene msonkhano udzachitikire, kutatsala zaka ziwiri. Ndiwonso amasankha nkhani zopambana pachaka. Mphothoyo imatchedwa Hugo, inayamba kuperekedwa mu 1953, ndipo imaoneka ngati roketi yaing'ono. Mu 2016 Nnedi Okorafor, amene makolo ake ndi a ku Nigeria, anailandira chifukwa cha buku lake la Binti.

Pamene pali voti, pamabweranso mayesero. Pa msonkhano wa ku Chengdu, oyang'anira mphotho anachotsa mabuku ndi anthu ena pampikisano osanena chifukwa chomveka. Limodzi mwa mabukuwo linali Babel, la R. F. Kuang. Ziwerengero zitatuluka kumayambiriro kwa 2024, owerenga wamba anakhala pansi n'kuziwerenga okha. Anaona kuti sizikugwirizana, anafunsa poyera, ndipo ena mwa akuluakulu anatula pansi maudindo. Chaka chomwecho ku Glasgow kunapezeka mavoti achinyengo 377, ambiri a mayina opeka. Komiti ya kumeneko inawataya, n'kulengeza kwa aliyense chimene yachita ndi chifukwa chake. Taonani kuti amene anagwira vuto la ku Chengdu sanali apolisi. Anali anthu odziwa kuwerenga manambala, monga mmene inu mukuphunzirira kuwerenga kabuku ka msungichuma wa gulu lanu.

Mpaka 2025 Worldcon inali isanachitikepo mu Africa. Ulendo wake ndi wodula, ndipo visa ndi nkhani ina. Koma kuno anthu sanadikire. Kungodutsa malire a Mandimba, ku Malawi, mlembi Shadreck Chikoti anayambitsa Story Club ku Lilongwe, bwalo limene okonda nkhani amakumana kuwerengerana ndi kukambirana zolemba zawo. Iye analemba buku la Azotus the Kingdom, lonena za Africa ya zaka mazana zikubwerazo. Kuchokera m'khama lomwelo munatuluka buku la Imagine Africa 500, limene alembi a ku Malawi, Uganda, Nigeria ndi mayiko ena anayerekeza Africa patapita zaka 500. Kuyambira 2017 kulinso mphotho ya Nommo, imene mamembala a bungwe la African Speculative Fiction Society amavotera okha. Yoyamba inaperekedwa ku Abeokuta, ku Nigeria.

Ena amati izi n'zachibwana, munthu wamkulu aziwerenga za feteleza ndi za chipatala. Ine sindivomereza. M'kalasi ndaona mayi amene ankachita manyazi kulemba dzina lake akudzaza tsamba lonse, atafunsidwa kuti sitima ya ku Cuamba idzakhala yotani zidzukulu zake zikadzakalamba. Zilembo zina zinali zopendama, koma sanafune kusiya pensulo.

Ngati mukufuna kuyesa, simufunika holo. Pansi pa mtengo wa mango pakwana. Sankhani tsiku, wina abwereke benchi kusukulu, wina alembe mayina a obwera. Aliyense abwere ndi mizere isanu yonena za Massangulo wa chaka cha 2525, m'Chinyanja, m'Chiyao kapena m'Chipwitikizi. Amene dzanja lake silinazolowere anene pakamwa, mnzake amulembere. Mukamva zonse, votani ndi njere za chimanga m'zitini, ndipo muziwerenge pamaso pa onse.