Covid-19 ndi geni ya nsomba kwa Chitukula

A makomiti a m'madoko, mukukumbukira kuti matenda a Covid-19 anapezeka m'dziko muno pa 2 Epulo 2020. Boma litalengeza m'bindikiro wa masiku 21, Khothi Lalikulu linauletsa bungwe la HRDC litadandaula kuti anthu odya akagulitsa afa ndi njala. Amayi a geni ya nsomba anali m'gulu lomweli.

Kuno kwa Chitukula kulibe nyanja. Usipa ndi utaka wa m'misika ya Nsaru, Kabudula ndi Mpingu umachokera kunyanja, monga ku Salima. Maminibasi atachepetsa okwera, mtengo wokwerera unakwera ndipo mulu wa usipa unachepa. Chowawa kwambiri, amayiwa anayamba kusalidwa, ati akubweretsa matenda pamodzi ndi nsomba.

Dziwani kuti nsomba sizifalitsa kachilomboka. Kamafala kudzera mu mpweya anthu akathithikana, monga bwato likangokocheza, aliyense akulimbirana nsomba. N'chifukwa chake ife tinkapempha makomiti kuti aziimika ogula motalikirana, aike ndowa ya madzi ndi sopo padoko, ndipo akambirane ndi mafumu kuti amayiwa asathamangitsidwe pamsika.