Njuchi, Njala ya ku Holland ndi Nkhokwe Zathu

Aliyense amene anatsegulapo mng'oma pa phunziro lathu la njuchi anaona chodabwitsa ichi, ngakhale ambiri amachiphonya chifukwa maso amakhala ali pa uchi, mtima uli pa mbola. Mfumukazi ya njuchi ndi njuchi yantchito zimachokera ku mazira amtundu umodzi. Zonse ndi zazikazi, ndipo mayi wawo ndi mmodzi. Komatu mfumukazi imatuluka m'chipinda chake pa tsiku la 16, imakula thupi, imaikira mazira oposa 1,000 pa tsiku nyengo ikakoma, ndipo imakhala ndi moyo zaka ziwiri kapena zitatu. Yantchito imatuluka pa tsiku la 21, nthawi zambiri siikira, ndipo m'nyengo ya maluwa imafa patangopita masabata asanu ndi limodzi. Chowasiyanitsa ndi chakudya. Mphutsi zonse zimadyetsedwa phala loyera ngati mkaka m'masiku atatu oyamba, koma yosankhidwa kukhala mfumukazi imapitiriza kulidya mpaka itakula.

Kodi chakudya chingachite bwanji zimenezi? M'selo lililonse la chamoyo muli majini, malangizo olembedwa mu DNA amene timalandira kwa makolo. Chakudya sichisintha malangizowo. Tayerekezerani dimba lothiriridwa ndi ngalande: mizere yonse ilipo, koma mlimi akatseka pakamwa pa mzere wina ndi chibuma, madzi salowamo ndipo mbewu yake sikula. Thupi nalo limaika tizibuma totere pa majini ena, timene akatswiri amati methyl, ndipo jini lotsekedwa limachepa mphamvu kapena kuleka kugwira ntchito. Mu 2008, ofufuza a ku Canberra, m'dziko la Australia, analetsa m'mphutsi za njuchi chinthu chimene chimaika tizibumato, ndipo zambiri zinasanduka mafumukazi.

Tizibumati sitichokera kumwamba. Thupi limatipanga mothandizidwa ndi zinthu za m'zakudya: folate, choline ndi vitamini B12. Mu 2003, Randy Jirtle ndi Robert Waterland a ku yunivesite ya Duke ku America anawonjezera zinthu zimenezi m'chakudya cha mbewa zazikazi zisanatenge bere ndiponso zili ndi bere. Mbewa zamtunduwo zimakonda kubala ana achikasu, amene amanenepa mopitirira ndi kudwala shuga. Zodyetsedwa bwinozo zinabala ana ambiri aubweya wakhofi.

Mwina wina anene kuti ife sindife njuchi kapena mbewa. N'zoona, ndipo n'chifukwa chake nkhani ya ku Holland ndi yolemera. Chakumapeto kwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kuyambira mu 1944 mpaka mu Meyi 1945, asilikali a Germany anatsekereza chakudya kumadzulo kwa dzikolo, nyengo yozizira koopsa n'kuwonjezera vutolo. Anthu anafika podya mizu ya maluwa, ndipo pafupifupi 20,000 anafa. Zipatala zinasunga bwino zolemba za ana obadwa m'nthawiyo, choncho madokotala anatha kuwatsata mpaka ukalamba. Ana amene mimba yawo inayamba mkati mwa njalayo ambiri anabadwa ndi thupi looneka bwino, pakuti amayi awo anayambanso kudya mokwanira mimba itakula. Koma atafika zaka za m'ma 50, matenda a mtima ndi kunenepa kopitirira zinawachulukira kuposa anzawo. Mu 2008, ofufuza anayeza magazi awo napeza kuti pa jini la IGF2, lothandiza kakulidwe ka mwana m'mimba, tizibuma tija tinali tochepa poyerekeza ndi abale awo a bere limodzi. Njala ya miyezi yowerengeka inali ikuonekabe m'magazi patapita zaka 60.

Njala ya nkhondo ndi ya kamodzi, koma mlimi wodalira mvula ali ndi yake ya chaka ndi chaka. M'midzi ya ku Gambia, kumene nkhokwe zimatha m'nyengo ya dzinja monga kwathu kuno, ofufuza anapeza kuti ana amene mimba yawo inayamba m'dzinja ali ndi tizibuma tosiyana pa majini ena ndi ana amene mimba yawo inayamba m'nyengo yokolola. Kusiyanako kunayenderana ndi zimene zinali m'magazi a amayi awo pa nthawi yotenga pakati.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikufika pakhomo pathu. Timaphunzitsana kuti nkhumba kapena ng'ombe yoswetsa iyenera kudyetsedwa bwino isanakwere, ndipo palibe amene amatsutsa. (Ife a Sabata tinene ng'ombe ndi mbuzi, nkhumbazo tiwasiyire ena.) Koma tikamayendera amene anamaliza maphunziro, timapeza m'nyumba zambiri nshawa, soya ndi nyemba zonse zinapita kwa ogula mu Juni, mazira onse amapita kumsika, ndipo pofika Januwale mayi wa panyumbapo amadya nsima yaufa woyera ndi ndiwo zamasamba pang'ono, tsiku lonse ali kupalira. Kunena zoona, mlimi wotere wawerengera bwino ziweto zake koma waiwala banja lake.

Masabata oyamba ndiwo ofunika koposa. Msana ndi ubongo wa mwana zimayamba kuumbika m'masiku 28 oyamba, pamene amayi ambiri asanadziwe n'komwe kuti ali ndi pakati. Motero chakudya chabwino sichingadikire tsiku loyamba kupita ku sikelo. Folate amapezeka mu bonongwe, chibwabwa, masamba a nyemba, nyemba zenizenizo ndi nshawa. Amawonongeka masamba akaphikidwa nthawi yaitali kapena ndi soda. Choline ali wambiri mu yolk ya dzira. B12 sapezeka m'zomera, choncho mabanja athu amene anasiya nyama asasiye mkaka ndi mazira popanda kufunsa kuchipatala za mapiritsi ake. Ndipo mapiritsi a folic acid ndi ayironi amene amaperekedwa ku sikelo amwedwe, asamangokhala m'chikwama.

M'kalasi ya chaka chino, aliyense polemba dongosolo la zokolola zake adzayamba ndi mzere wa chakudya cha panyumba: matumba angati a nshawa ndi nyemba osagulitsa mpaka Marichi, mfutso wochuluka bwanji, ndi mazira angati pa sabata otsala kukhitchini. Mzere wa zogulitsa udzabwera pambuyo pake.